A Zuze ndi Nyimbo ya Dolofe

A Zuze tinawaika m'manda mwezi watha. Pa wailesi analengeza kuti dziko lataya katswiri, ndipo tsiku lonselo ankangobwereza nyimbo imodzi, ya Dolofe, ngati kuti munthuyo m'moyo wake wonse sanachitepo china. Achinyamata amene sanawaonepo nkhope ankatumizirana nyimboyo pa foni. Ku maliro kunabwera anyamata ena atakweza sipika yaikulu pa wilibala, akuti aiyimbe bokosi likamatuluka. Mwana wamkulu wa a Zuze anawabweza pa mpanda, n'kuwauza kuti bambo ake anakaniza zimenezo adakali ndi mphamvu. Anyamatawo anaona ngati banja likuwamana ulemu madalawo, ndipo anachoka akung'ung'udza. Ine ndinali pakati pa azimayi, ndinangoweramitsa mutu. Dolofe anali mayi anga, ndipo mawu a mzimayi amene amamveka m'nyimbomo ndi a agogo anga aakazi, amene anandilera.

Ambiri sadziwa kuti a Zuze kuyimba sinali ntchito yawo. Ankakonza mawailesi pa khonde la golosale ina ku Ndirande, pafupi ndi pamene maminibasi amakhotera. Kwawo kunali kuchigwa, ku Nsanje, ndipo anabwera m'tauni ali mnyamata pamodzi ndi agogo anga aamuna, onse kudzasaka ntchito m'mafakitale a ku Chirimba. Agogo aamunawo anamwalira ine ndisanabadwe, koma ubale unatsala. A Zuze ankachita lendi pa mdadada umodzi ndi ife, ndipo iwo ndi agogo ankaitanana kuti alamu. Akazi awo ankakhala kumudzi ndi ana, kulima. M'mawa uliwonse popita ku ntchito ankaima pakhomo pathu n'kutenga zitumbuwa ziwiri m'beseni la agogo zidakali zotentha, kenaka mkangano unkayamba. Iwo ankafuna kulipira, agogo ankakana. Agogo ankati munthu salipiritsa mlamu wake, a Zuze ankati n'chifukwa chake bizinesiyo siikula. Ankasiyana akuseka, mawa lake n'kuyambiranso pomwepo.

Anali wamtali, wowonda, wovala jekete ngakhale mu Okutobala. Magalasi awo anali omanga ndi waya wa m'wailesi. Chitsulo chosungunulira mtovu ankachitenthetsa pa mbaula, poti magetsi sankawakhulupirira. Munthu akabwera ndi wailesi, asanaitsegule ankayamba ainunkhiza kumbuyo, kenaka n'kufunsa mwini wake kuti waimenya kangati. Aliyense ankakana. Iwo ankangoloza pamene pulasitiki yang'aluka. Akapeza mphemvu m'kati ankazikutumulira pansi anthu akuona, n'kumufunsa mwini wailesiyo ngati alendi akewo amalipira pakutha pa mwezi. Ankakonda kunena kuti wailesi ikasiya kulankhula imakhala ndi chifukwa chake, ndipo woimenya amangoipatsa chifukwa chachiwiri.

Gitala anali nayo, yakale, ya bokosi, yomata guluu m'mbali. Ankayimba nayo m'kwaya ya ku tchalitchi kwathu mpaka tsiku limene anayambana ndi akatekisiti. Nkhani yake inali liwiro. Akatekisiti ankafuna kuti nyimbo ziziyenda msanga, Misa yoyamba izituluka anthu a yachiwiri asanadzaze pabwalo. A Zuze anaimitsa gitala pakati pa nyimbo ya Lenti, n'kunena anthu onse akumva kuti nyimbo siithamangitsidwa ngati wakuba wa mumsika. Anatha chaka osaponda m'kwaya, koma Misa sankajomba. Ankakhala benchi yakumbuyo n'kumayimba pa liwiro lawolawo, n'kumatsiriza anzawo onse atakhala kale pansi. Ankati nyimbo iliyonse imabadwa ndi kayendedwe kake, ndipo ntchito ya woyimba n'kuyenda nayo pambali, osati kuikankha.

Nyimbo zawo sankazilemba papepala. Ankazipeka akugwira ntchito, akung'ung'uza chapansipansi, phazi likugunda chitini chosungiramo zomangira. Nyimbo imodzi inkawatengera miyezi. Anali nazo zambiri, za njala ya kuchigwa, za mnzawo amene anadulidwa zala ndi makina, za njinga yobwereka, koma palibe imene inajambulidwa. Masiku akale kuti munthu ajambulitse ankafunika kudziwana ndi akuluakulu a ku wailesi, ndiponso mawu aliwonse ankayamba awayeza kaye. Iwo analibe wowadziwa. Imvi zinawapeza akuyimbira ana a pa mdadada ndi oledzera obwera kudzafunsa nthawi.

Amene anawadziwa m'zaka za pambuyo pake amakumbukira munthu wina. Gitala inali itapachikidwa, ndipo nsambo zake ankazidula imodziimodzi n'kumangira ma eriyo a makasitomala. Akakonza wailesi sankaiyesa pa siteshoni ya nyimbo. Ankaisiya pakatikati, pamene pamangomveka phokoso ngati la mvula pa malata, n'kumuuza mwini wake kuti akaiyesere kunyumba. Mwini golosale, amene ankanyadira kuti pa khonde pake pamakhala munthu wotchuka, ankakonda kuika kaseti ya Dolofe kuti akope ogula. A Zuze sankatsutsa. Ankadikira kuti mkuluyo apite kukadya, n'kulowa, n'kuzulamo kafyuzi m'choyimbiracho. Madzulo mwini golosale ankabwera nacho kwa iwo omwe kuti amukonzere, ndipo iwo ankachinunkhiza, n'kumufunsa kuti wachimenya kangati, n'kumulipiritsa. Zinachitika kangapo mkuluyo asanazindikire. Atazindikira anatukwanizana mpaka anthu kudzadza pa msewu, koma kasetiyo sinamvekenso pa golosalepo.

Mayi anga anamwalira chaka chija anthu anavota kuti zipani zikhale zambiri. Anadwala nthawi yaitali, matenda aja amene masiku amenewo sitinkawatchula dzina. Bambo anali atatsogola kale. Ine ndinali wamng'ono, wa ku pulayimale.

Kwathu mzimayi akamalira maliro samangolira. Amalankhula ndi womwalirayo, mawu akubwera okha, ndipo amakhala ndi kayimbidwe kake. Mawu amenewo ndi a tsiku lomwelo basi. Anthu akabwera kumanda, akameta, mawuwo sabwerezedwanso, ndipo amene anawamva amakhala ngati sanamve. Masana a tsiku loika, bokosi likutuluka m'nyumba, agogo anagwira mphuthu ya chitseko n'kuyamba kulira. Anati: Dolofe mwana wanga, wanyamuka osatsanzika, mwana wandisiyirayu ndimuuza chiyani. Anabwerezabwereza, mawu akukwera n'kutsika, mpaka azimayi anawagwira m'manja. A Zuze anali m'gulu la onyamula bokosi. Anamva, ndipo sanathe kukhala ngati sanamve.

Patapita miyezi ndinayamba kuimva nyimboyo kudzera m'khoma. Ankaiyesa madzulo akaweruka, mwakachetechete, chala chimodzi pa nsambo. Mizere iwiri ya agogo anaisiya monga inalili, n'kuizunguliza ndi yawo: za ulendo wa ku chipatala pa minibasi yodzadza, za nsapato zotsala pansi pa bedi, za anzake a womwalirayo amene amawoloka msewu akaona mayi wake. Vesi ina ankaichotsa, mawa n'kuibwezeretsa. Agogo akangomva gitala yayamba ankatenga ndowa n'kupita kumpopi, ngakhale mitsuko ili yodzadza.

Lamlungu lina a Zuze anabwera kwathu ngati mlendo, atatsagana ndi mkulu wa mphakati wathu. Anakhala pansi, chipewa chili pa bondo, n'kufotokoza kuti zinthu zasintha, anyamata atsegula timasitudiyo m'makomo ndipo aliyense akhoza kujambulitsa osapempha chilolezo kwa munthu. Anati iwo akudziwa kuti mawu a pamaliro sabwerezedwa, n'chifukwa chake abwera ndi mboni. Anati m'Ndirande muno azimayi ambiri akuika ana awo mlungu ndi mlungu, ndipo ena mawu amawathera. Agogo anayang'ana ine. Kenaka anafunsa funso limodzi lokha.

"Alamu, anthu adzavina?"

"Sadzavina, alamu. Gitala yokha ndi mawu. Iziyenda ngati ya Lachisanu Loyera."

Agogo anavomera. Pambuyo pake anandiuza kuti anavomera chifukwa cha ine, kuti ndikadzakula ndidzamve dzina la mayi anga likutchulidwa mwaulemu.

Poyamba a Zuze anapeza mtsikana wa m'kwaya kuti ayimbe mizere ya agogo ija. Anamuphunzitsa milungu ingapo, koma ankati akuyimba ngati akuwerenga chikwangwani. Anayesa wina, chimodzimodzi. Potsiriza anabweranso kwa agogo kudzapempha kuti ayimbe okha. Agogo anakana kawiri, kachitatu anatopa nawo n'kuvomera.

Situdiyo inali ku Chilomoni, m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba ya munthu. Tinakwera maminibasi awiri. Ine ananditenga poti panalibe wondisiya naye. M'katimo makoma onse anali okhomedwa matileyi a mazira, pa windo atatsekapo ndi matiresi, ndipo munkanunkha thukuta ndi fumbi. Mwini makina anali mnyamata wotchedwa Lenadi, wovala kapusi chammbuyo, waulemu ndithu koma wa changu. Anatiuza kuti nthawi yathu ithera masana, chifukwa panja pansi pa mtengo wa mango panali kale kwaya ya azimayi a yunifolomu ikudikira. Ine anandikhazika pakona, pa bokosi la sipika, n'kundiuza kuti ndisatsokomole.

A Zuze anajambula mavesi awo mosavuta. Phazi lawo linali ngati wotchi, sankaphonya. Vuto linayamba atafika pa agogo. Choyamba anakana kuvala mahedifoni pamwamba pa duku. Lenadi anawachotsa, n'kuwakhazika agogo pa mpando, n'kuwatsitsira maikolofoni pakamwa. Agogo anayesa. Mawu anatuluka owuma, ngati akutumiza uthenga kwa munthu wa kutsidya kwa msewu. Anayesanso, anakakamira pakati. Kachitatu anaseka ndi manyazi, n'kubisa nkhope m'chitenje, n'kunena kuti zinthu zimenezi sizibwera popanda maliro, iwo si wa sewero. Lenadi anabweza tepi, n'kuyang'ana wotchi, n'kuuza a Zuze kuti madala, nthawi ikutha, mwina tingoitana mmodzi mwa amayi ali panjawo.

A Zuze anatsamiritsa gitala kukhoma, n'kutuluka, n'kutseka chitseko. Tinaganiza kuti akwiya. Patapita kanthawi tinamva odi wapansipansi, uja wa munthu wofika pa siwa. Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Analowa atavula chipewa, atawerama, akukoka mapazi. Anadutsa mpando umene anakhalapo poyamba n'kukakhala pansi penipeni, patsogolo pa agogo, n'kuwomba m'manja mofatsa katatu monga amachitira amuna akabwera kudzapepesa.

"Alamu," anatero, "uthenga tamva. Mwana uja watisiya. Pepani."

Ine ndinali pakona, choncho ndinaona chimene agogo sanaone. Akunena pepaniyo, diso lawo linapita kwa Lenadi, ndipo Lenadi anadina batani.

Agogo anayamba ndi kupuma kwakukulu, ngati munthu wamenyedwa pamtima. Kenaka mawu aja anabwera onse, monga anabwerera pa chitseko tsiku loika. Sanali kuyimba. A Zuze anatambasula dzanja osadzuka, n'kukoka gitala, n'kuyamba kuwatsatira pang'onopang'ono, phazi likugunda pansi, mpaka kulira ndi gitala zinayendera limodzi. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Kwaya ya panja inali itasiya kuyeserera. Agogo atatonthola, Lenadi anavula kapusi, n'kunena chapansipansi kuti yalowa.

Agogo anapukuta nkhope, n'kuwayang'ana a Zuze nthawi yaitali, iwo adakali pansi. Titafika kunyumba agogo anangoti alamu andiliritsa maliro opanda mtembo, n'kukagona dzuwa lisanalowe. Koma m'mawa mwake zitumbuwa ziwiri anawapatsa monga mwa masiku onse. Za ku situdiyozo agogo anazipirira, poti ankadziwa kuti nyimboyo ituluka monga anagwirizana.

Za tsiku lachiwiri ku situdiyo ndinazimva kwa a Zuze eni ake, ndili wamkulu kale. Anapita okha kukamvera nyimbo itasakanizidwa. Anapeza Lenadi atakaimvetsa kale kwa mkulu wina wa m'tauni amene ankagula nyimbo n'kuzichulukitsa pa makaseti. Mkuluyo anati mawu ndi abwino, koma palibe angagule maliro. Anthu angomasuka kumene, akufuna kuvina. Ndiye Lenadi anali atayesa zake. Anaika ng'oma za pa kiyibodi zogunda kawiri pamene phazi la a Zuze lagunda kamodzi, n'kuwonjezera besi, n'kupotokola kabatani ka liwiro la tepi. Chilichonse chinakwera. Mawu a agogo anasanduka ngati a mtsikana. Kupuma kuja kwa poyamba anakuika pamene ng'oma zimadukira, malo amene mpaka lero anthu amakuwa akamavina.

A Zuze anandiuza kuti anakhala pa mpando n'kumvera mpaka kumapeto, ndipo atayang'ana pansi anapeza phazi lawo likuvina. Anati nyimboyo inali yokoma, ndipo sanganame kuti sinali yokoma. Lenadi anawafunsa kuti madala, ngati simukuzifuna ndichotse, ndibwezeretse yakale. Palibe anawakakamiza. Anaganiza za zaka zonse zimene anakhala akukonza mawailesi oyimba anthu ena. Anamuuza kuti aisiye.

Kwa agogo sananene kanthu. Ankati anena mawa, mawa n'kukhala mawa. Agogo anaimva okha pa siteji ya maminibasi pamene ankagulitsa zitumbuwa. Mnyamata wogulitsa makaseti anaiika mokweza, oitanira maminibasi n'kuyamba kuvina pakati pa msewu. Mayi wogulitsa nthochi pambali pawo ankagwedeza mwana kumbuyo motsatira ng'oma, n'kuwauza agogo kuti kamtsikana akuyimbako kali ndi mawu. Agogo anavundikira beseni n'kubwerera kunyumba, zitumbuwa zisanathe ndi theka lomwe.

M'mawa mwake a Zuze anaima pakhomo pathu, chipewa chili m'manja. Anayamba kulankhula, koma agogo anawadula ndi ulemu. Anapinda maondo pang'ono monga amachitira kwa mlendo.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Ndikupatseni zingati?"

Anazikulunga m'pepala, n'kulandira ndalama, n'kubweza chenji ndi manja awiri. Sanawakalipire tsiku limenelo, ngakhale tsiku lina lililonse. Sanakawasumire kwa mkulu wa mphakati amene anali mboni. Akakumana panjira ankawapatsa moni wathunthu, n'kufunsa za akazi awo kumudzi. Koma kuyambira m'mawa umenewo a Zuze anali bambo.

Nyimboyo inafika paliponse. Inkayimbidwa pa maukwati, m'mabala, pa misonkhano ya zipani anthu akudikira olankhula. Kunja kwa Ndirande palibe ankadziwa kuti mawuwo ndi a ndani, koma pa mdadada pathu aliyense ankadziwa, ndipo ikayamba pa wailesi ya nyumba ina munkamva wina akuthamangira kukatsitsa. Kutsitsako kunkapweteka kuposa nyimboyo. Kusukulu anzanga ankandizungulira pa buleki n'kumayimba mzere uja wa mwana wandisiyirayu, akundiloza ndi milomo. Sankachita mwankhanza kwenikweni, kwa iwo inali nyimbo chabe. Ine ndinkayang'ana zala za kumapazi mpaka belu lilire.

A Zuze anabwerera ku Chilomoni kukapempha nyimbo yoyamba ija, yoyenda pang'onopang'ono, kuti mwina agogo aimve n'kudziwa kuti inalipo. Anapeza kulibe. Tepi inali yodula, ndipo Lenadi akamaliza ntchito ya munthu ankajambulapo wina pamwamba. Pamene panali kulira kwa agogo panali tsopano kwaya ina. A Zuze anamugwira malaya pakhosi, anthu n'kuchita kuwaleretsa. Lenadi sanabwezere. Anangowakumbutsa kuti anawafunsa, ndipo anavomera okha.

Anthu okonza zoyimbayimba ankabwera ndi magalimoto pa khonde paja kudzawatenga. A ndale nawo anabwera, a mbali zonse. Iwo ankati zala zawo zikuwawa nyamakazi, uku akumanga tizomangira tating'onoting'ono ta wailesi alendowo akuona. Magulu ena ankaiyimba nyimboyo m'malo mwawo, ena mpaka kumanena kuti ndi yawo, ndipo iwo sankatsutsa. Pa mdadada pathu anasamukapo, n'kukachita lendi kumtunda, kufupi ndi phiri. Njira yachidule yopita ku ntchito inkadutsa pakhomo pathu, koma iwo ankazungulira kukhwawa, ngakhale nthawi ya dzinja, n'kumafika pa khonde thalauza ili matope mpaka m'maondo.

Ndili ku sekondale agogo anayamba kudwala miyendo, kenaka chifuwa. Anasiya kupita ku siteji. Ankagona pa mphasa pafupi ndi chitseko, kawailesi kawo kali pambali, akumvera mauthenga a maliro ndi mapemphero. Tsiku lina kawailesiko kanasiya kulankhula. Ndinati ndikapereke kwa mnyamata wina wokonza pafupi, koma agogo anakana. Anandiuza kuti ndipite nako ku golosale, ndipo ndikawauze alamu kuti akakonza abweretse okha.

Ndinakapereka uthengawo monga unalili. A Zuze anasiya chimene ankagwira.

"Anati ndani abweretse?"

"Anati alamu."

Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi m'mphepete mwa jekete. Kenaka anatsegula kawailesiko osakanunkhiza, osafunsa kuti takamenya kangati. Kanali kawaya kamodzi kothothoka. Ndinaona ndi maso anga akukalumikiza, ndipo ndinamva phokoso lija la mvula likutuluka. Koma anandiuza kuti ndizipita, pali china chofunika kuonanso, abwera nako mawa.

Mawa lake sanabwere. Agogo anandiuza kuti ndisese pakhomo ndi kuyala mkeka, ndinayala, madzulo ndinapinda. Mlungu unatha. Anthu ankandiuza kuti awaona madzulo ataima pa mphambano ya ku mdadada kwathu, atavala jekete ya ku tchalitchi, kanthu kali m'khwapa, kenaka n'kubwerera. Agogo sanafunsenso, ndipo sananditumenso. Mlungu wachitatu usanathe anamwalira, m'mawa, ndikuwaphikira phala.

Pa maliro a agogo a Zuze anabwera, koma sanalowe m'nyumba ya siwa, ndipo sanakhale ndi amuna anzawo pabwalo. Anakhala pa mwala kutsidya kwa msewu masiku onse awiri. Kumanda anaima kumbuyo kwa anthu onse. Achibale a kumudzi amene sankadziwa nkhaniyi ankafunsa kuti mkulu wamwanoyo ndani, wobwera pa maliro osapepesa.

Titameta ndinapita ku khonde kuja. Sindinapite kukawafunsa, ndinkangofuna kawailesi ka agogo. Anakatulutsa pansi pa tebulo katakulungidwa m'nsalu yoyera, atakapukuta mpaka kuwala, ataikamo mabatire atsopano. Anandipatsa ndi manja awiri, maso ali pansi.

"Ndinkafika pa mphambano paja tsiku lililonse," anatero. "Koma ndikanalowa ndikanati chiyani, mwanawe? Pepani? Mawu amenewo ndinawagwiritsa kale ntchito kwa agogo ako. Unalipo."

Mpaka lero sindidziwa chimene munthu akanayankha. Ndinalandira kawailesiko n'kubwerera.

Anakhala pa khonde limenelo zaka zina zambiri, mpaka mawailesi anayamba kuchepa, anthu n'kumabwera ndi mafoni amene iwo ankakana kuwagwira. Ndikapita ku Ndirande ndinkawapatsa moni, iwo ankafunsa za ana anga mmodzimmodzi ndi mayina awo. Nkhani ya ku situdiyo anandifotokozera kamodzi kokha, osawafunsa, tsiku lina mvula itatitsekereza pa khondepo. Sanadziikire kumbuyo, ndipo sanandipemphe kuti ndiwakhululukire. Ndikuganiza kuti ankaona kuti mwini wokhululuka anawaitana kale, iwo n'kulephera kuwoloka msewu.

Agogo sanajambulitsepo chithunzi, kupatula cha pa chiphaso chimene chinatayika. Mawu awo sali pena paliponse koma m'nyimbo imeneyo, okwezedwa, othamangitsidwa, ng'oma zikugunda pamwamba pake. Ana anga amaivina pa maukwati ngati anzawo onse. Wamkulu yekha ndi amene ndinamuuza, ndipo kuyambira pamenepo ikayamba amatuluka panja. Sindikudziwa ngati ndinamuchitira zabwino.

Mlungu wathawu ndinadutsa pa golosale paja. Tebulo analichotsa ana awo, ndipo pa khonde pangotsala simenti yosesedwa. Mdzukulu wa mwini golosale, amene akuyendetsa malowo tsopano, anati akufuna kupentapo kuti aikepo mtsikana wotumiza ndalama pa foni. Khoma silinapentedwe chipentedwere kalekale, ndipo pamene munthu amatsamira mutu kwa zaka pamatsala banga la mafuta. Pa khoma limenelo mabanga alipo awiri. Lina lili kumanja kwa chitseko, lofufuma, lovuta kuliona. Munthu wokhala pamenepo amayang'ana kumsewu wotsikira ku mdadada kwathu, ndipo amaona aliyense wochokera kumeneko. Linalo lili kumapeto kwa khonde, kuseri kwa chipilala, kumene a Zuze anasamutsira tebulo lawo nyimbo ija itatuluka, lakuda bii, mpaka pulasitala inakumbika. Ndinapita kukaima pamenepo, n'kutsamira. Palibe chimene chimaoneka, koma khoma la nyumba yoyandikana nayo ndi ngalande.